Wathu Sagona Panjira

Munthu wogulitsa zovala zakale amalidziwa jekete akaliona. Zaka zimenezo, ufulu wa Zimbabwe ukadali khanda, ine ndinkazungulira mapulazi a ku Banket pa njinga, kumbuyo nditamangirira mtolo wa malaya, mabuluku, matemba ndi sopo. Koma ntchito yanga yeniyeni sinali m'miyendo ayi, inali pakamwa. Ndinkagula buluku m'sitolo ku Chinhoyi ndikulira ngati wofedwa, n'kukaligulitsa pa komboni ndikulumbira kuti ana anga agona ndi njala chifukwa cha chifundo changa. Amayi a m'makomboni ankati ndikangotulukira, nkhuku zimathawira kuseri kwa nyumba kuopa kuti ndizitsitsa mtengo.

Lamlungu lina ndikutsika kamtunda, ndinakumana ndi amuna akuchokera kumanda. Ankayenda awiriawiri, makasu ndi mafosholo paphewa, fumbi lofiira mpaka m'mawondo. Onse anavala majekete akuda, ndi lamba woyera wopingasa pachifuwa. Ndinatsika njinga ngati wopereka ulemu, koma maso anali pa nsalu. Ndinayandikira amene anali kumapeto, bambo wamfupi wa kachipewa koyera ka Chisilamu, n'kugwira mkono wa jekete lawo ndi zala ziwiri.

"Akulu, limeneli munagula zingati?"

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana zala zangazo mpaka ndinazichotsa.

"Ili siligulidwa, mphwanga. Limapezeka ndi phewa."

Amenewo ndiwo anali atcheya a sosaite ya maliro, makaniko wa mathirakitala pa pulazi lina, munthu amene mawu ake a sabata yonse ine ndinkawamaliza ndisanamwe tiyi.

Kuti mumvetse chimene majekete amenewo ankatanthauza, muyenera kudziwa mantha athu. Ife tinali ana ndi adzukulu a anthu amene anachoka ku Nyasalande ndi ku Mozambiki wapansi, kudzafuna ntchito ya fodya. Anzathu Achishona ankatitcha Mabhurandaya, dzina lonyozera obwera. Iwo akadwala kapena akakalamba ankakwera basi kupita kumusha, kumudzi kwawo kumene kuli manda a makolo. Ife kumusha kwathu kunali m'nkhani za abambo athu basi. Nyumba ya pa komboni inali ya ntchito: ntchito ikatha, nyumbanso yatha. Ndipo munthu akafera m'chipatala popanda womutenga, boma linkatumiza mabhanditi, akaidi a kundende, kukamukwirira pamodzi ndi ena osadziwika, popanda nyimbo, popanda wodziwa kuti mutu ulozere kuti. Pa komboni munthu akafuna kukutukwana mpaka kufika pamtima, sankatchula amayi ako ayi. Ankati, "Udzaikidwa ndi mabhanditi iwe."

Sosaite inayamba kuti mawu amenewo asagwire munthu.

Ndinalowa chaka chomwecho. Mayi wa ana anga anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anati, "Inu? Kugwira ntchito yaulere? Kapena mwamva kuti akufa amagula sopo?" Ndipo jeketelo silinabwere msanga. Wolowa kumene ankayamba wakumba manda, wasenza mabokosi, watunga madzi pa maliro a anthu amene sanawaonepo, akulu akumuyang'ana phee. Tsiku limene anandiveka, atcheya anandikonza kolala n'kundiuza lamulo la jekete: ukalivala sugulitsa kanthu, sunenerera mtengo, sunama.

Ndinati, "Atcheya, ndiye ndizilankhula chiyani?"

"Uzipuma," anatero.

Anthu akunja ankaganiza kuti ntchito yathu ndi maliro okha. Ayi ndithu. Munthu akadwala nthawi yayitali ufa wa kwa mzungu n'kuleka kubwera, ife tinkafika ndi kathumba. Mayi akafedwa mwamuna n'kuuzidwa kuti atuluke m'nyumba ya pa komboni, tinkamufunira pokhala n'kumusenzera katundu. Denga likamadontha kwa nkhalamba, Lamlungu tinkakwera kukafolera. Asilamu ndi Akhristu tinali m'jekete limodzi. Msonkhano wina ankautsegula ndi duwa ya Chisilamu, wina n'kuutseka ndi pemphero, ndipo pa nkhani ya nyama akulu anagwirizana kalekale kuti mpeni uzigwira Msilamu, mkangano n'kuthera pomwepo.

Koma lamulo limene tinkalinyadira kuposa onse linali la bokosi. Bokosi likangokwera pamapewa athu, silinkakhudzanso pansi mpaka litafika kumanda. Mtunda utalike bwanji, mvula igwe bwanji, tinkangolandirana. Oyambitsa sosaite ankati anthu athu anagona mokwanira m'njira pobwera kuno, m'tchire la ku Tete, m'masiteshoni, m'makhonde a anthu. Ulendo womaliza, wathu sagona panjira.

Sindibisa, ndikavala jeketelo ndinkayenda ngati msewu wa ku Chirundu anaupaka phula chifukwa cha ine. Munthu amene moyo wake wonse anthu amamuwerengera chenji kawiri, akaona amayi akugwada pambali pa njira iye akudutsa, amamva kanthu kena pachifuwa.

Munthu mmodzi yekha ndiye sankatigwadira. Kuseri kwa bhawa, nyumba ya mowa ya ku Banket, kunkakhala nkhalamba ina yosema mipini ndi kugulitsa fodya wamphuno. Tonse tinkangoti madala. Mphamvu zawo zonse zinathera pa pulazi lina la kumadzulo, kusonkhezera moto m'mabalani a fodya, mpaka utsi unawadya maso. Atalephera ntchito anatuluka pa komboni, kusiya mkazi wawo m'manda a pa pulazipo, pansi pa msuku. Ana analibe. Anabadwa Msilamu, koma mzikiti ankaudutsa ngati ali nawo mangawa, ndipo kutchalitchi ankaonekako pa Khisimisi pokha, nthawi ya mpunga.

Madalawo ndiwo munthu yekha m'dera lonselo amene sindinawagonjetsepo pa malonda.

"Madala, mpini uwu ndi wokhota."

"Lokhota ndi diso lako. Usiye."

"Tsitsaniko pang'ono, ine ndi mwana wanu."

"Mwana wanga sangakhale ndi makutu oterowo."

Chida chachikulu cha wonenerera ndi miyendo. Umaika katunduyo pansi, umapukusa mutu, umachoka pang'onopang'ono, wogulitsa n'kukuitana usanafike patali. Ndinawachitira zimenezo madala. Ndinayenda mpaka pa phula, khutu lili kumbuyo. Zii. Nditabwerera ndinapeza mtengo wakwera.

"Wakwera bwanji, madala?"

"Wandidikiritsa."

Ndinaugula mpiniwo.

Sosaite sanalowe, ndipo ankatinyoza poyera. Tikatulukira ndi majekete akuda ndi malamba oyera, ankafuula kuti bhawa lonse limve: "Akhwangwala afika! Bwererani, sindinafe!" Ufa ankalandira, n'kuufwenkha, n'kudandaula kuti chigayo chake n'chaulesi. Sopo ankati ndi wa agalu, n'kumuika m'thumba. Koma tsiku lina, chifuwa chitawagwira kwambiri, analankhula ndi atcheya akuyang'ana kumbali, ngati akuuza khoma.

"Mukadzandipeza nditauma, musadzandipatse mabhanditi. Mudzanditaye pambali pa mayi uja. Sanazolowere kugona yekha."

"Tamva, mjomba," anatero atcheya.

M'sosaite, atcheya akati tamva, ndiye kuti tonse talumbira.

Anamwalira m'chipatala ku Chinhoyi m'mwezi wa Okutobala, zaka za chilala chachikulu chija zitangodutsa. Uthenga unabwera ndi mayi wina wogulitsa tomato amene anali kudwazika mwana wake. Anati palibe wachibale amene waonekera, ndipo mtembo sungasungidwe mpaka kalekale. Tinakumana pansi pa mtengo kuseri kwa sitolo. Panali munthu wina, sindimutchula, koma anali ndi njinga, amene anakumbutsa msonkhano kuti malemuwo sanali membala, ndipo anatitcha akhwangwala pamaso pa anthu oledzera.

Atcheya anati, "Wotukwana nayenso amafa kamodzi."

Nkhani ya umembala inathera pomwepo. Vuto linali lina. Pulazi lija linali litagulitsidwa kwa mzungu wachinyamata, amene malemuwo sanamugwirirepo ntchito. Iyeyu anazunguliza waya watsopano, anaika geti la loko pa msewu wolowera, ndipo analengeza kuti manda a pa pulazi lake atsekedwa. Ngakhale antchito ake ankawatumiza kukaikidwa ku manda a khansolo. Nanga munthu wa kuseri kwa bhawa?

Atcheya anatembenukira kwa ine.

"Zaka zonsezi takhala tikukutseka pakamwa. Lero takumasula. Pita ukanenerere malo."

Mtima wanga unavina. Ndinayamba kuvula jekete.

"Livale," anatero. "Kunenerera takulola. Bodza ayi."

"Atcheya, mwandipatsa njinga n'kuchotsa tcheni."

"Uzikankha."

Ndinamupeza mzunguyo pa nazale ya fodya, atavala kabudula, agalu awiri ali pambali. Chishona ankachilankhula bwino kuposa ine, zimene zinandilanda mwayi wonamizira kusamva. Ndinayamba monga mwa nthawi zonse. Ndinayamikira mbande zake, ndipo zinalidi zabwino, choncho silinali bodza. Ndinayamikira agalu, apo ndinayandikira malire. Kenako ndinatulutsa chisoni: nkhalamba yopanda mwana, maso othera m'mabalani omwewa, mkazi ali yekha pansi pa msuku.

"Sanandigwirirepo ntchito," anatero.

Ndinawonjezera. Ndinati ife amuna a sosaite tidzabwera Lamlungu kudzazula zitsa kulikonse kumene angaloze.

"Ndili ndi thirakitala."

Ndinati manda ake adzakhala aang'ono, munthuyo anali wowonda.

"Tamvera," anatero. "Chaka chatha anthu anabwera kudzasesa manda amenewo. Anayatsa udzu. Moto unadya bulugamu wanga ndi msipu wa ng'ombe mbali yonse ya kumtsinje."

"Amenewo sanali ife, bwana," ndinamudula, n'kubwereranso ku nkhani ya maso ndi utsi, chifukwa ndinali ndisanaimalize ndipo ndinkaikonda mmene inkamvekera.

Aliyense wophunzira malonda ndimamuuza kuti wogulitsa akayamba kudandaula, tseka pakamwa, chifukwa mtengo weniweni uli m'dandaulomo. Tsiku limenelo mphunzitsi anajomba kalasi yake yomwe.

Zonse zitakanika ndinatulutsa chida chachikulu. Ndinapukusa mutu, ndinavala chipewa, ndinayamba kuchoka pang'onopang'ono, khutu lili kumbuyo. Ndinamva mapazi akunditsata, mtima n'kuti myaa. Anali agalu aja, akundiperekeza mpaka pa geti. Ndili pamenepo ndi pamene ndinazindikira uchitsiru wanga: umachoka pa katundu amene ungamupeze kwina. Msuku uja unali umodzi dziko lonse lapansi.

Madzulo ndinakafotokoza kwa atcheya, amene ndinawapeza akutsuka girisi m'manja ndi palafini. Ndinayesa kugulitsa kulephera kwanga pa mtengo wabwino. Ndinati manda a khansolo ndi aukhondo, dothi ndi limodzi, ndipo malemuwo maso anali atafa kale, sadzaona kusiyana.

Anapukuta chala chimodzichimodzi.

"Tinati tamva," anatero. "Mawa tikamutenge."

Tinamusambitsa, Asilamu anamukulunga mu nsanda, Akhristu anakhoma bokosi, aliyense n'kukhutira kuti mbali yake yachitika. Lole imene tinapempha inali ndi katundu wake wopita kutsogolo, choncho inatitsitsa pamphambano, pamene msewu wafumbi wopita ku pulazi umasiyana ndi phula. Pamenepo bokosi linakwera pamapewa.

Amene akulidziwa dzuwa la Okutobala ku Mashonaland sindifunika kumuuza. Nyenje zinkalira ngati zalipidwa. Jekete lakuda lija, limene ndinalisirira, linasanduka uvuni. Komanso ine ndine wamtali, ndipo pa bokosi wamtali ndiye amasenza za anzake. Madala ali moyo mphepo inkawakankha, koma m'bokosimo analemera ngati anameza mipini yawo yonse. Ndinanong'oneza kuti, "Madala, mwakwezanso mtengo?" Amene anali kumbuyo kwanga anaseka mpaka bokosi linagwedezeka, atcheya n'kutsokomola kamodzi, tonse chete.

Tinafika pa geti. Linali lokhoma. Gadi, mwana wa kwathu yemwe, anaima kuseri kwake akuyang'ana nsapato zake.

"Pepani, atate. Kiyi ali ndi bwana."

Anyamata ena anayamba kuyang'ana waya, wina n'kukweza fosholo kuloza loko. Atcheya anangotambasula dzanja.

"Sitithyola cha munthu. Imani."

Tinaima. Ndinadikira kuti anene chotsatira, koma panalibe chotsatira. Kulowa sitingalowe, kubwerera sitingabwerere, kuika pansi sitingaike. Tinaima pamsewu, pamaso pa geti, bokosi lili m'mwamba. Phewa likafa dzanzi, mnzako ankalowa pansi, iwe n'kutuluka, kukaima kumbuyo kwa mzere, kudikira kulowanso. Panalibe wofuula, panalibe wotukwana. Ankamveka ndi mapazi okha polandirana.

Kuseri kwa wayawo kunali munda waukulu, ndipo tsiku limenelo ankawokera fodya. Mbande za fodya zikazulidwa pa nazale m'mawa zimayenera kulowa m'dothi tsiku lomwelo, ndi madzi ake, apo ayi dzuwa limaziphika. Komboni yonse inali m'mundamo, amuna, amayi, thirakitala ikukoka thanki ya madzi m'mizere.

Kwathu mwamuna saona maliro ali pamapewa n'kupitiriza zake. Amayandikira, amalowa pansi, amasenzako pang'ono, ndiye n'kubwerera. Nthawi zonse zimenezi sizichedwetsa munthu, chifukwa maliro amadutsa. Koma awa sankadutsa.

Woyamba anali bambo wina wachikulire amene anagwirapo ntchito m'mabalani ndi malemuwo. Anaika khasu pansi, anapyola waya, anapukuta manja pa buluku n'kulowa pansi pa bokosi. Wachiwiri anatsata. Amene watuluka pansi pa bokosi sankaona njira yobwererera kumunda maliro akadali chiimire, ankangoima nafe pamzere. Amayi anayala zitenje m'mbali mwa msewu, wina n'kuyambitsa nyimbo chapansipansi. Kenako tinamva thirakitala yazima. Woyendetsa wake anali Mshona, wa kumusha kwenikweni, munthu amene mabhanditi sakanamukhudza. Anabwera akuvula chipewa.

"Regai ndibatewo," anatero, kupempha kuti naye agwireko.

Ndinamupatsa malo anga ndi mtima wonse, ndi phewa lonse.

Posakhalitsa m'munda munatsala foromani yekha, atazunguliridwa ndi madengu a mbande. Anayang'ana ife, anayang'ana madengu, n'kuthamangira kunyumba ya mzungu. Pobwera anali kumbuyo kwa galimoto, ndipo atatsika anazemba n'kudzaima kumapeto kwa mzere wathu, ngati wangodutsa.

Mzunguyo anatsika nkhope ili psuu.

"Ichi n'chiyani? Sitalaka? Wawaitana ndani anthu anga?"

Atcheya anali pansi pa bokosi, kutsogolo, thukuta likutsika m'ndevu. Sanatuluke. Anayankha ali pomwepo.

"Sitinaitane munthu, bwana. Ndipo sitilowa popanda mawu anu. Pulazi ndi lanu."

"Ndiye muikeni pansi, anthu abwerere kuntchito!"

"Chimenecho ndicho sitingathe."

"Muima choncho mpaka liti?"

"Mpaka afike."

Mzunguyo anayang'ana mzere wa majekete, anayang'ana antchito ake, anayang'ana madengu a mbande zimene zinayamba kale kuweramitsa mitu. Ndipo ine ndinaona nkhope imene ndimaidziwa kuposa ya mkazi wanga: nkhope ya munthu amene akufuna kugulitsa, koma wakana mokweza kwambiri pamaso pa anthu moti sakudziwa pobwerera. Munthu wotero sumukankha. Umamutsegulira kakhomo ka kumbali. Ndipo pamenepo mawu ake a dzulo, amene ndinawapondereza ndi nkhani yanga ya utsi, anandibwerera. Bulugamu. Msipu.

Ndinayang'ana atcheya. Anagwedeza chibwano pang'ono.

Ndinayandikira geti, chipewa m'manja.

"Bwana, dzulo ndinabwera kudzapempha, ndipo kupempha si ntchito yanga. Lero ndabwera kudzagulitsa."

"Kugulitsa chiyani?"

"Tulo. Inu udzu ukauma simugona, mumayang'ana kumanda kuja. Ife tili ndi makasu, mwawaona. Udzu ukayamba kufiira tidzabwera kudzalambula msewu wotchinga moto kuzungulira manda onse, mpaka kumalire a bulugamu. Machesi sadzalowako. Wofuna kusesa manda adzasesa ife tilipo. Mtengo wake ndi malo a munthu mmodzi, ndipo ndakuuzani kale, ndi wowonda."

Mzunguyo anatembenukira kumbali ya bulugamu. Agalu anandiyang'ana ngati akundikumbukira.

"Chaka chilichonse?" anafunsa.

Apa ndiye panali pabwalo panga. Wogula akatchula zambiri, iwe umatchula zochepa, mumakumana pakati. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyambire pa chaka chimodzi, ndikudziwa kuti tikathera pa ziwiri kapena zitatu. Mawu anachokera kumbuyo kwanga, pansi pa bokosi.

"Chilichonse."

Ndinatsala pang'ono kulira. Moyo wanga wonse sindinavomerepo mtengo woyamba. Ndinatembenuka kuti ndiwachenjeze ndi maso, koma atcheya ankayang'ana mzunguyo, mzunguyo akuyang'ana iwo, ndipo ine pakati pawo ndinali ngati ntchentche.

Mzunguyo anapisa m'thumba n'kuponyera gadi kiyi.

Sanasenze bokosi, ndisakunamizeni, jekete ndikadali nalo. Koma anavula chipewa pamene tinkadutsa, ndipo anayenda patsogolo pathu mpaka kumanda. Bambo wa m'mabalani uja anatilozera kachulu kotsika pansi pa msuku, kokhala ndi mbale yadzimbiri pamwamba. Atcheya anati, "Afika." Pamenepo ndi pamene tinatsitsa bokosi, pambali penipeni pa mayi uja. Mapewa anapuma onse pamodzi, zinamveka ngati ng'ombe yausa moyo.

Mwambo wathu umati khasu loyamba limatema mwini nthaka. Atcheya anapereka khasu kwa mzunguyo. Iye sanamvetse, kapena anamvetsa koma anachita manyazi. Anangokanda mzere pansi ndi chidendene cha jombo, n'kunena kuti, "Apa. Ndipo fulumirani." Atachoka, akulu awiri anayamba kutsutsana ngati jombo lingawerengedwe khasu. Atcheya anagamula kuti chilichonse chimene chatema dothi ndi khasu, tiyeni tikumbe.

Antchito anabwerera kumunda, ndipo anawokera mpaka dzuwa kulowa kuti mbande zisafe. Ife tinalimbana ndi dothi la Okutobala, louma ngati njerwa, piki ikungodumpha. Tili mkati tinamva thirakitala. Anali Mshona uja, akukoka thanki ya madzi a fodya. Anati bwana akuti tinyowetse pansi kuti timalize msanga tichoke. Anawonjezera kuti bwana akuti si chifundo. Tinati tamva, si chifundo, tsegula mpopi.

Tinawaika madala mutu utaloza kumene anachokera. Msilamu anawerenga zake, mkulu wa mpingo anapemphera zake, ndipo wina wa ku bhawa anathira fodya wamphuno pang'ono pa dothi. Palibe anamuletsa.

Pobwerera ndinayenda pambali pa atcheya. Phewa langa la kumanja linali litasupuka mpaka kumatirira ku malaya.

"Atcheya, ndiuzeni zoona, tonse tavala majekete. Munadziwa kuti lero akuwokera?"

"Ndine makaniko wa mathirakitala. Ndimadziwa tsiku limene aliyense akuwokera."

"Ndiye munakonza zonsezi! Inu ndinu wonenerera woopsa kuposa ine!"

"Ine sindinenerera, mphwanga. Akanakhala kuti sakuwokera, tikanaimabe."

"Mpaka liti?"

Anandiyang'ana mmene anandiyang'anira tsiku lija ndinagwira mkono wa jekete lawo. Sindinafunsenso. Ndikukhulupirira mpaka lero kuti tikanaima, ndipo ndikaganiza zimenezo phewa limayamba kundiwawa, koma msana umawongoka.

Mawu aja tinawasunga. Chaka ndi chaka udzu ukayamba kufiira, akhwangwala tinkafika pa geti, gadi n'kutsegula osafunsa. Majekete tinkawapachika pa msuku, n'kulambula kuyambira pa manda mpaka kumalire a bulugamu, tsiku lathunthu, manja matuza okhaokha. Moto sunachokerenso kumeneko. Patapita zaka zingapo mzunguyo analeka kutumiza antchito ake ku manda a khansolo, osanena kanthu, ndipo ife sitinamufunse.

Ndachitapo malonda ambiri oipa, koma awa ndiwo mfumu yake. Tinapereka thukuta la zaka zonse, kugula malo osakwana kuyalapo mphasa ziwiri, a munthu amene sanatipatsepo ngakhale zikomo. Mkazi wanga ankandikumbutsa zimenezi chaka chilichonse akundithira madzi amchere pa matuza. Ndinkamuyankha kuti mayi, pa geti paja panali amuna ambiri, koma amene ananena kuti malo a munthu mmodzi ndipo ndi wowonda ndi mwamuna wako. Iye ankati inde, ndipo amene anavomera mtengo woyamba ndi mwamuna wanganso.

Khasu limene ndinkalambulira linali pa mpini uja ndinagula kuseri kwa bhawa. Unali wokhota ndithu, unkandipotoza dzanja pa kutema kulikonse. Ndikafika pafupi ndi timiulu tiwiri tija ndinkaukweza m'mwamba kuti auone.

"Madala, ndinakuuzani kuti ndi wokhota."

Zii, ngati tsiku lija ndinayenda mpaka pa phula.